Tsitsi pa Kamera ya Setilaiti

"Tsitsi ili ndi la ndani?" anakalipa a Onodera, mkulu wa kampani, atanyamula m'mwamba kabotolo momwe munali tsitsilo.

Linapezeka pa galasi la kamera ya setilaiti, kutangotsala milungu iwiri kuti aitumize ku Tanegashima, malo oulutsira masetilaiti mumlengalenga. Tsopano anafunika kuimasula, kuipukuta ndi kuyambiranso mayeso onse, ntchito ya miyezi itatu.

Maso a bwanawo anatera pa Kasumi Iwabuchi, mkazi yekhayo pagulu lomanga kamerayo.

"Mayi Iwabuchi, muno si mu saluni. Ndinanena ine kuti akazi azingotipangira tiyi. Lolemba mubweretse kalata yosiya ntchito."

Kasumi anawerama. "Ndamva, bwana. Koma lamulo limati chilichonse chopezeka m'chipinda chosalowa fumbi chikapimidwe kaye."

"Kapimeni! Mukuyesa lisanduka la mphaka?"

Lolemba onse anasonkhana. A Teshima, mkulu wachikulire wa ku labotale, anavala magalasi n'kuwerenga mosafulumira.

"Tsitsili silinamere pamutu pa munthu. Ndi la pulasitiki, lopaka utoto wakuda, lotchipa ndithu. Kutsinde kwake kuli guluu."

Aliyense anakumbukira tsiku lomwe kunabwera atolankhani, pamene bwana anavula chisoti chophimba tsitsi kuti aoneke kamnyamata pachithunzi, ataweramira kamerayo. Onse anazolika, atadziluma milomo kuti asaseke.

A Onodera anatsokomola. "Chabwino. Lembani kuti linagwa kuchokera kudenga."

"Dengali ndi lachitsulo, bwana," anatero Kasumi mwaulemu. "Lilibe dazi loti libise."