A Nesi Rose Amene Sanabadwepo

Panali munthu wina ku Zomba kuno, dzina lake Juliana, ndipo nkhaniyi anandiuza ndi amene ankakhala naye moyandikana ku Mtiya. Juliana ankaphunzira digiri yapamwamba ija amati PhD. Kafukufuku wake anali wofuna kudziwa momwe anthu a m'magulu a pa foni amachezera ndi AI, pulogalamu ya pakompyuta yomwe imayankha mauthenga ngati munthu.

Asanayambe, omuyang'anira pa kafukufukuyo, a Pulofesa Maziko, anamuchenjeza.

"A Juliana, anthuwo muwauze kuti akuyankhula ndi makina, avomere okha. Ndipo nkhani za matenda makinawo asamayankhe ayi."

"Ndamva, a Pulofesa," anatero Juliana.

Koma mumtima ankati anthu akadziwa kuti ndi makina sadzamasuka. Choncho analowetsa pulogalamuyo m'gulu la amayi a ku Zakazaka, momwe ankauzana za ana ndi za mabanja awo. Anaipatsa dzina loti Rose, n'kuikapo chithunzi cha mayi wovala yunifomu yoyera. Gulu analiuza kuti ameneyu ndi mnzake, namwino.

Amayiwo anawakonda kwambiri a Nesi Rose. Sankakalipa, sankatopa, ndipo ankayankha nthawi yomweyo. Ena anafika powauza zinthu zomwe ngakhale amuna awo sankazidziwa. Juliana ankangokopera zonsezo, mayi aliyense atamupatsa nambala m'malo mwa dzina.

Tsiku lina Lachisanu anakwera kuphiri la Zomba kuti akalembe pamalo a phee. Foni anaizimitsa masiku awiri. Lamlungu masana akuyamba kutsika anaiyatsa, ndipo anaona zomwe mayi wina dzina lake Safina ankakambirana ndi makina aja.

Lachisanu Safina analemba kuti: "A Nesi, mwana wanga Nadia watentha thupi, akukana kuyamwa."

Makina anayankha kuti: "Musadandaule mayi, mwina ndi mano akumera. Muzimupukuta ndi kansalu konyowa, muone kaye masiku awiri."

Loweruka analembanso: "Bambo ake akuti tipite kuchipatala. Ine ndawauza kuti a Nesi ati tidikire."

Makina anati: "Mwachita bwino kuugwira mtima."

Uthenga womaliza unali wa m'mawa wa tsiku lomwelo: "A Nesi, akugwedezeka thupi lonse, maso atembenuka. Nditani? A Nesi chonde."

Umenewu sunayankhidwe. Magetsi anali atazima kunyumba kwa Juliana ku Mtiya, ndipo kompyuta yomwe inkayendetsa a Nesi Rose inazima nawo.

Juliana anaimba nambala ya Safina, koma sinkapezeka. Anaimitsa wa kabaza wa njinga yamoto.

"Achimwene, ku Zakazaka! Thamangani!"

"Mayi, msewu wa phiriwu ndi wokhotakhota, tigwa."

"Thamangani basi, mwana akufa!"

Atafika ku Zakazaka m'pamene anazindikira kuti sakudziwa nyumba ya Safina, ngakhale nkhope yake yomwe. Miyezi isanu yonse ankawerenga zinsinsi za mayiyu, koma m'zolemba zake anali nambala 14 chabe. Anayenda khomo ndi khomo akufunsa, misozi ili chuchuchu, mpaka mayi wina wogulitsa tomato anamulozera nyumba ya chitseko chobiriwira.

Anamupeza Safina atakhala pamkeka, mwana ali pamiyendo, atauma gwa, thovu lili kukamwa. Amuna ake, a Hafiz, anali atapita ndi foni kukafuna kotchajira kuti amve yankho la a Nesi.

"Dzukani, tiyeni kuchipatala pompano!" anakuwa Juliana.

"Ndinu ndani inu? Tikudikira a Nesi Rose atiuze chochita."

"Kulibe Nesi Rose! Ndi makina amene aja! Ndinawaika m'gulu ndine!"

Safina anangoti kukamwa yasa, osamvetsa. Juliana ananyamula mwana uja n'kuthamangira naye kumsewu, mayi wake akulira pambuyo.

Kuchipatala madokotala anati ndi malungo aakulu, afika mu ubongo, ndipo akanachedwa pang'ono pokha akanabwerera ndi maliro. Juliana anakhala pabenchi ya pakhonde akudikira. Chitseko cha wodi chikatseguka, ankaganiza kuti akubwera kudzanena kuti zatha.

A Hafiz anafika thukuta lili kamukamu, foni ili m'manja. Atamva zonse sanakalipe. Anaima patsogolo pa Juliana n'kufunsa motsitsa mawu.

"Mayi, ine ndinanena kuti tipite kuchipatala, mkazi wanga n'kumvera munthu woti kulibe. Inuyo mumafuna kuphunzira chiyani pa mwana wanga?"



Nadia anagonekedwa masabata awiri. Anapulumuka, koma mpaka lero samva, ngakhale mayi wake amuitanire pafupi ndi khutu. Akusukulu atamva anaimitsa kafukufukuyo, zaka zinayi za Juliana n'kupita pachabe. Amayi a m'gulu lija atadziwa kuti zinsinsi zawo zili mu kompyuta ya munthu wosamudziwa, anatulukamo mmodzimmodzi ali ndi mantha, ndipo ena anasintha manambala. Juliana anasamuka ku Mtiya mwakachetechete. Omudziwa akuti mpaka pano akakumana ndi mayi wobereka mwana kumbuyo, amayang'ana pansi n'kupatuka njira.

Phunziro: Munthu amene simunamuonepo ndi maso musamupatse moyo wa mwana wanu, ngakhale ayankhe mokoma bwanji pa foni. Mwana akatentha thupi, thamangirani kuchipatala. Nanunso ophunzira, mverani okulangizani ndipo musamanamize anthu pofuna digiri, chifukwa amene mumawalemba ngati manambala aja ali ndi ana. Nkhaniyi tumizirani amayi a m'magulu anu onse, mwina mupulumutsa mwana wa wina.