Nyumba Yayera

"Lendi ndi theka basi," anatero Mayi Kuwahara, eni nyumba, akumupatsa Sujan makiyi. "Koma ndikuuzirenitu bambo, m'chipindamu munafera munthu."

Sujan anaseka. Eni nyumba asanu ndi atatu mu Osaka anali atamukana kale atangomva kuti ndi wa ku Nepal.

"Mayi, mzukwa sudya mpunga wanga. Ndilowa mawa."

Chaka chonse ankagona tulo tofa nato. Kuntchito ankanyogodola anzake a ku Japan: "Inu muziopa akufa, ine ndizidya nyama!" Ankauza aliyense kuti mumzinda wonsewo, wopanda tsankho ndi Mayi Kuwahara okha.

Tsiku lotha pangano la lendi mayi aja anabwera ndi mabisiketi okulunga bwino, n'kuwerama mwaulemu.

"Mwatithandiza kwambiri, bambo. Za imfa ija timangouza woyamba kulowa, wotsatira sitimuuza. Nyumba yayera tsopano, ndiye lendi ikubwerera pakale."

Sujan anayankha msanga: "Chabwino, ndizilipira yonseyo."

"Pepani," anatero mayiwo, akuweramanso. "Nyumba zabwinobwino sitilowetsamo obwera."