Maso Ofiira pa Benchi la Chipatala

Mayi Inshirah anangomuyang'ana kamodzi mnyamatayo, basi anadziwa. Maso ofiira ngati watuluka mu utsi, masaya olowa, mwendo ukungonjenjemera pansi pa benchi. Munthu wosuta sitorokisi sabisika, makamaka kwa mayi amene Lachiwiri lililonse amakhala m'chipinda chodikirira cha chipatala ichi cha mu Kairo, kuperekeza mwana wawo Medhat kwa dokotala wa anthu ofuna kusiya mankhwala ozunguza bongo.

Tsikuli Medhat anali atalowa kale. Iwo anatsala panja ndi kathumba ka nthanga zokazinga, pakamwa pakuwayabwa.

Pambali pa mnyamatayo panali bambo wachikulire, jekete losita bwino, ndevu zoyera zodulira, mikanda yopempherera ikuyenda pang'onopang'ono m'zala. Mutu anali atazolika. Mayi Inshirah anawamvera chisoni. Manyazi amenewo ankawadziwa. Nawonso tsiku loyamba anabisa nkhope m'mpango, kuopa kukumana ndi wina wa kwawo ku Imbaba.

Anasendera pafupi n'kuwapatsa nthanga.

"Musadandaule a Hajji, simuli nokha. Ana a masiku ano atikhazika pamoto tonse."

Mkuluyo anangousa moyo. Mayiwo anaona ngati apatsidwa mpata, ndipo anatembenukira kwa mnyamata uja. Anamufunsa dzina, iye anati Wael. Anamufunsa ngati mkuluyo ndi bambo ake, iye anagwedeza mutu kuvomera. Zina zonse sanaone chifukwa chofunsira.

Anayamba ndi kumuuza chimene sitorokisi ali. Anthu amati ndi chamba, koma chamba chimamera m'munda. Awa ndi masamba ouma wamba, aja timawiritsa tikadwala chimfine, owazidwa mankhwala amene ngakhale wowazayo sadziwa dzina lake. Medhat wawo analawa kamodzi pa ukwati wa mnzake. Patapita miyezi anthu anamupeza ataima pakati pa msewu, atapindika ngati akufuna kutola kanthu, osagwa, osaweramuka, matukutuku akumuzungulira uku akuliza mabelu. Tsiku lina anakangana ndi fani ya kudenga mpaka kuitukwanira amake. Tsiku linanso anatuluka thovu kukamwa, mtima ukugunda ngati ng'oma, ndipo akanapanda wometa tsitsi wa pansi pa nyumba yawo kumuthamangitsira kuchipatala, bwenzi pano akunena za malemu.

Azimayi awiri a pa benchi la kutsogolo anasiya mafoni awo n'kutchera khutu. Mayi Inshirah anakweza mawu pang'ono kuti nawonso apindule.

Za malamulo nazonso ankazidziwa. Poyamba, anatero, apolisi ankagwira anthu m'mawa, madzulo n'kuwamasula, chifukwa lamulo silinkawatchula dzina mankhwalawo. Boma likaletsa amodzi, ogulitsa ankangosintha kasakanizidwe, lamulo n'kutsala likuyasamula. Nthawi imeneyo inapita. Pano akakupeza nako kapepala kake, ndende. Ukakhala wa ntchito ya boma, akakuyeza n'kukupeza nazo m'thupi, ntchito yathera pomwepo. Chabwino chokha n'choti wobwera yekha kuchipatala samupereka kupolisi.

Apa mikanda ya a Hajji inaima. Mayi Inshirah anaona, mtima n'kuwawawa kwambiri.

"Taona bambo ako, iwe. Munthu wa imvi, woyenera kukhala mzere woyamba kumzikiti, lero ali pa benchi la anthu osuta zinyalala. Kunyumba kwatha chiyani? Wanga anayamba ndi kugulitsa simbi, anamalizira makina ochapira."

"Kwathu kunapita kanema, mayi," Wael anayankha motsitsa mawu. "Ndi nkhunda zonse za padenga."

"Mpaka nkhunda," anatero mmodzi wa azimayi aja akupukusa mutu. Mnzakeyo anamuyang'ana Wael kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kukokera chikwama chake pafupi.

Mayi Inshirah anali asanathe. Anati m'chipinda muja bodza silithandiza, chifukwa dokotala wa muno mabodza onse anawamva kale. Wina amati anangolawa, wina amati mnzake anamupusitsa kuti ndi fodya wamba, wina amati amasutira msana ukamamupweteka. Anati masiku oyamba ndi owawa, munthu amatuluka thukuta, tulo osabwera, kukwiyira ngakhale ntchentche, koma zimadutsa. Medhat pano akudya mbale ziwiri za nyemba m'mawa, ndipo wayambanso kufunsa za mwana wamkazi wa aneba. Pomaliza anamulamula mnyamatayo kuti apsompsone dzanja la bambo ake pomwepo, anthu akuona.

Wael anawayang'ana bambo akewo kwa kanthawi. Kenako anagwira dzanja lija, kulipsompsona, n'kuliika pamphumi pake. A Hajji misozi inalengeza m'maso. Mayi Inshirah anakhala tsonga n'kuswa nthanga ina ndi mano, mtima uli myaa. Theka la ntchito ya dokotala anali ataligwira iwo, ulere.

Chitseko chinatseguka. Namwino anasuzumira, n'kuitana Shaaban Abdel-Maqsoud. Bambo ndi mwana anaimirira onse awiri.

"Wodwala yekha," anatero namwinoyo. "Woperekeza adikire panja."

A Hajji anaika mikanda m'thumba, n'kulowa. Wael anabwerera pa benchi, n'kutikita maso ake ofiira aja.

"Mulungu akudalitseni, mayi. Mwezi wathunthu sindikugona, kuwalondera kuti asatuluke kukagula, koma ine samandimva. Inu lero akumvani."