Mmisiri wa matabwa amene anadikira kuti mbozi zikule

Panali munthu wina, mmisiri wa matabwa, amene chaka chatha anakolola matumba anayi pamunda umene umatulutsa khumi ndi asanu. Mvula inagwa bwino, feteleza anathira pa nthawi yake. Chinamupweteka ndi mbozi za ntchemberezandonda, komanso masabata atatu amene anadikira.

Chimanga chitafika m'mawondo, mkazi wake anam'peza kushedi akupala thabwa. M'manja mayiyo anali ndi tsamba la chimanga lokhala ndi timawanga toyera, ngati wina walikanda ndi chikhadabo.

"Bambo a ana, zayamba. Alangizi akuti tipopere zikadali zazing'ono."

Mmisiriyo analitembenuza tsambalo.

"Nanga mbozi yake ili kuti?"

"Ndi tating'ono ngati ulusi. Mpaka muyang'anitsitse."

"Ndiye ndipopere chinthu chosaoneka? Botolo la mankhwala ndi limodzi, mayi. Ine chitseko sindikhoma kawiri. Ziswe zonse, zikule, ndidzathane nazo tsiku limodzi."

Sanali waulesi. Pantchito yake kudikira kumapindulitsa: thabwa laliwisi umalisiya liume, ukalifulumizitsa limapindika. Ankaona ngati kumundanso ndi chimodzimodzi.

Munda woyandikana nawo unali wa mlamu wake. Uyu m'mawa uliwonse ankayenda mzere ndi mzere, kutembenuza masamba, kuphwanya mazira a mbozi ndi chala, kusuzumira m'nsonga ya phesi momwe mumatulukira masamba atsopano. Tsiku lina mmisiri akudutsa panjinga anam'kuwa:

"Alamu, mwayamba kusaka nsabwe m'chimanga?"

"Sekani, alamu. Nanga zanuzo mukuzinenepetsa kuti mukagulitse pa kilo?"

Anaseka onse awiri, mmisiri n'kupalasa njinga.

Sabata yachitatu mkazi uja sanabweretsenso tsamba.

"Ine ndatopa n'kunena. Tiyeni mukaone nokha."

Anapita. Masamba anali ong'ambikang'ambika, ndipo m'nsonga munali mutadzaza zinthu zonga utuchi wonyowa. Zinali ndowe za mbozi. Mmisiriyo anabwereka sipuleya, napopera dzuwa lili paliwombo, kuwaza pamwamba pa masamba mpaka botolo linatha.

Patapita masiku awiri anang'amba nsonga imodzi. Mbozi inali momwemo, yonenepa ngati chala chaching'ono, ikudya. Anang'amba ina, chimodzimodzi. Anaitana mlangizi.

"Bambo, apa mwangosambitsa chimanga," anatero mlangiziyo. "Yaikulu imalowa mkati mwa nsonga n'kudzitsekera ndi ndowe zake, masana situluka. Mankhwala anathera pamasamba."

"Ndiye nditani?"

"Tolani ndi manja. Zomwe mungapulumutse ndi zomwezo."

Mmisiriyo anatseka shedi masabata awiri. Iye ndi mkazi wake ankalawirira kumunda, kutsegula phesi lililonse, kutulutsa mbozi n'kuiponda. Msana unkauma, zala zinkanunkha. Munthu wina amene anam'patsa ntchito ya mipando, imene mmisiriyo anaisiya osamaliza, anatopa n'kudikira, napita kwa mmisiri wina. Mbozi zina zinali zitalowa kale m'nthaka, n'kutuluka agulugufe oikira mazira ena. Chimanga chitabereka, zinalowanso m'zitsononkho.

Mlamu uja naye sizinam'siye, koma anakolola matumba khumi ndi limodzi. Sanam'sekenso mnzakeyo. Anangotumiza ndowa ziwiri za chimanga, nati, "Ana adyeko."

Pano m'nyumba mwa mmisiri chimanga chinatha kalekale. Mkazi wake akupalira m'minda ya eni kuti apeze ufa. Za masabata atatu aja sazikamba. Mmodzi akayamba, mnzake amatuluka panja.

Phunziro: Ntchemberezandonda siyembekeza kuti mupeze mpata. Yenderani munda kawiri pa sabata chimanga chikangomera, phwanyani mazira, ndipo limbanani ndi mbozi zikadali zazing'ono. Mukamapopera, poperani m'mamawa kapena chakumadzulo, molunjika m'nsonga, motsata malangizo. Mnzanu wam'nyumba akakuonetsani tsamba, siyani zomwe mukuchita mukaone. Tumizirani uthengawu aliyense amene wadzala chimanga chaka chino.