Dzanja la M'thumba

Mzungu wopima malo a msewu watsopano atakhoma chikhomo pakati pa mbatata za Che Mikaili ku Nyambadwe, anamwetulira nkupingasa zala ziwiri, chapakati pamwamba pa chamkombaphala.

"Iwe Hilary, akutani ameneyu?" mkuluyo anandinong'oneza. "Akundimangira munda?"

Womasulira ndinali ine. Chizungu changa ndi chotola pakhonde ku Mandala, sukulu ndinangoinunkhiza.

"Si mankhwala, Che Mikaili. Akuti mwina msewu ukulambalalani. Kwawo munthu akafuna mwayi amati tipingase zala, nkutere. Ndicho chithumwa chawo, chosalipira sing'anga."

"Mwayi wa yani? Wanga kapena wa msewu?"



"Komatu ana a adona achizungu ku Mandala kuja ndimawaona," ndinatsitsa mawu. "Akamanama amapingasanso zala zomwezo, koma mobisa kumbuyo, kuti bodza lisawagwire."

Che Mikaili anamuzungulira mzunguyo pang'onopang'ono ngati akugula mbuzi. Kumbuyo kunalibe kanthu, koma dzanja lamanzere linali phee m'thumba la kabudula.

"Muuze alitulutse."

"Abambo, ntchitoyi ndikuifunabe."

"Muuze!"

Ndinamuuza mzungu kuti mkuluyu akufunsa nthawi, poganiza kuti wotchi ili m'thumba momwemo. Iye anamasula zala zija, nkusolola wotchi m'thumba la pachifuwa ndi dzanja lamanja. Lamanzere silinasunthe.

Che Mikaili anayang'ana thumbalo, anayang'ananso chikhomo, nkutembenukira kunyumba kumene kunali akazi awo.

"Abiti Abdala! Bweretsani makasu. Mbatatazi tikumbe lero, zingachepe bwanji."