Onse Atatu Anavomereza

"Ndaona, zili bwino," anatero Wamagalasi, mmodzi wa anyamata a mu ofesi, akudina batani lovomereza maso ali pa foni.

Panali patangodutsa mphindi ziwiri kuchokera pamene Apakona, mayi wa desiki ya kukhoma, anatumiza mizere mazana anayi ya pulogalamu ya pakompyuta imene ankalemba. Lamulo la mu ofesimo linali lakuti ntchito ya munthu isalowe m'pulogalamu yaikulu anzake awiri ndi bwana asanaiwerenge.

"Mwawerengadi, achimwene?"

"Aa, achemwali, ntchito yanu tingaikayikire?"

Pakati pa mizereyo Apakona anali atalembamo mawu akeake: "Mwana wanga ali m'chipatala sabata yachitatu ino. Ndatopa. Wina andilandireko gawo ili." Onse atatu anavomereza, koma palibe anabwera kudzafunsa za mwanayo.

Lachinayi anatumiza ntchito ina. Ulendo uno analemba pamzere woyamba penipeni: "Mawa ndikusiya ntchito. Amene wawerenga izi angondiuza kuti khalani, ndikhala."

Lachisanu lonse ankangocheukira aliyense wodutsa. Nthawi yoweruka itakwana anatsuka kapu yake, kuiika m'chikwama, n'kutuluka.

Lolemba, pamsonkhano wam'mawa, bwana anapukusa mutu akuyang'ana mpando wopanda munthu.

"Munthu n'kungochoka osatsanzika? Pano timakhala ngati banja. Akanangonena!"

Kumbuyo kwawo, pa sikirini yaikulu ya pakhoma, ntchito yomaliza ya Apakona inali ikuonekabe. Pansi pake panali dzina la bwanayo ndi ndemanga yawo: "Ndawerenga zonse. Pitirizani choncho."