Mawu Anayi a Kandulo

Namatope anathira kadontho ka utoto wofiirira m'mbale ya buluu n'kutakasa ndi burashi. Buluu uja, amene poyamba ankachita kulasa m'maso, anafatsa mpaka kutuwa ngati mtambo wa mvula yodzagwa mawa. Anayesa pa kapepala, nkhope yake n'kumasuka. Wochuluka madzi, wakuda pang'ono kuposa masiku onse. Ndi mmene ankafunira lero.

Dzina la Namatope anamupatsa ndi achimwene ake, kalekale, atamupeza akusakaniza mitundu. "Utoto wabwinobwino kuusandutsa matope!" anatero akufa ndi phwete. Komatu matope omwewo ndi amene anadzaza holoyi lero: zithunzi makumi atatu za utoto wamadzi, zonse zotuluka m'dzanja la Namatope. Achimwenewo ntchito yawo inali kukhoma mafelemu, ndipo pa felemu iliyonse ankamata kachitsulo kolembedwa dzina lawo. Zaka khumi ndi ziwiri, iye akujambula kuseri kwa shopu, iwo akuwomberedwa m'manja kumaso. Poyamba ankati ogula sakhulupirira dzanja la kamtsikana. Kamtsikanako imvi zinayamba kumera, nyimbo ikadali yomweyo.

Zonsezo Namatope anazimeza. Chimene chinamukakamira pakhosi ndi cha pa wailesi chaka chatha. Atawafunsa ngati pali amene amawathandiza, mkuluyo anayankha mosaphethira: "Eya, ndili ndi mlongo wanga, amanditsukira maburashi." Namatope anazimva ndi makutu ake, burashi ili m'manja. Kuchokera tsiku limenelo ankangodikira chionetsero ichi, ndipo mtima wake sunazizirepo ngakhale pang'ono.

Achimwenewo anali ndi kamwambo kawo kodzionetsera. Pa chionetsero chilichonse pankakhala chithunzi chimodzi chosamalizidwa thambo, ndipo iwo ankalipaka alendo akuonerera. Kukoka burashi yaikulu kuchokera kumanzere kupita kumanja, basi luso lawo lonse linkathera pomwepo. Chithunzi cha lero chinali cha madenga a m'tauni, ndipo Namatope anachigwirira masiku asanu ndi limodzi. Madenga akutali anawapaka kamodzi kokha, ndi madzi ongonunkhira utoto. Apakati katatu, kudikira kuti kuume asanabwerezenso. Apafupi kasanu ndi kawiri, mpaka dzimbiri la malata kuoneka loti ungalikande ndi chikhadabo. Munthu ukachiyang'ana, maso ankayenda ulendo kulowa m'pepala. Pamwamba pokha ndi pamene panali poyera, kudikira katswiri.

Poyera m'maso mwa anthu, inde. M'mawa uno holo isanatsegulidwe, Namatope anatulutsa kachidutswa ka kandulo yoyera m'thumba la epuloni n'kulemba pathambopo, akudinikiza ndi mkwiyo wa zaka khumi ndi ziwiri: WOPAKA UYU NDI WAKUBA. Kandulo pa pepala loyera sioneka. Koma phula ndi madzi sizimwerana. Utoto wotuwa ukangodutsa, zilembo zikana kunyowa, zituluka zoyera mbee, zazikulu zoti ngakhale wokhala kukhomo awerenge popanda mandala.

"Mlongo, ndili ndi mawu pang'ono."

Anali achimwene, ataima kumbuyo kwake m'jekete imene tsopano inkawakulira. Chitulukire m'chipatala miyezi iwiri yapitayo anasanduka munthu wolankhula motsitsa, ndipo aka kanali kachitatu sabata ino kumuyamba ndi mawu omwewa.

"Mawuwo musungire alendo anu, achimwene," anayankha osatembenuka. "Utoto wanu ndi uwu. Musaumire, mupake wambiri."

Anaima kanthawi, kenako anachoka akukoka mapazi. Namatope anawayang'ana cham'mbali akuyendera mafelemu, akusisita timapepala timene anamata dzulo kuphimba tizitsulo ta dzina tija. Matama atsopano amenewo, anaganiza. Dzina lodziwika kale n'kumalivundukula ngati mkwatibwi!

Anthu anadzaza. Ogula, aphunzitsi, abale ovala zapatchalitchi, ndi mtolankhani wa kamera yaikulu amene anadzipezera malo kutsogolo kwenikweni. Namatope anamusunthira mpando kuti asatchingidwe ndi aliyense. Iye anakaima pambali pa tebulo, pamalo oti aone bwino nkhope ya achimwene ake zilembo zikamatuluka. Chisoni analibe, m'pang'ono pomwe. Ankangofuna aone mlomo uja wa pa wailesi ukunjenjemera.

Mkuluyo anatenga burashi yaikulu n'kuiviika m'mbale mpaka kukhuta. Anaikweza kufika pa ngodya ya pepala.

Burashi sinakhudze pepala. Ndi dzanja linalo achimwene anasenda kapepala pa felemu yapafupi, ndipo pa kachitsulo katsopano panawala dzina la mlongo wawo.

"Zithunzi zonsezi, kuyambira choyamba, wojambula ndi uyu," anatero. "Ine ndinkangokhoma mafelemu. Lero thambo apake yekha mwini wake."

Anthu ali mkati mowomba m'manja, anamufumbatitsa burashi yonyowa ija, n'kumugwira dzanja mwachikondi, n'kulikoka pa pepala kuchokera kumanzere kupita kumanja. Kamera inathwanima.